Mtengo wa Tsiku Lanu Lobadwa Unabyalidwa mu 1948

Mwezi watha msuweni wanga ananitumila cithunzi pa WhatsApp. Panali mitengo 13 yondandalikidwa mozungulila monga manambala a pa nkoloko, uliwonse na madeti ake. Pansi analembapo kuti: "Msuweni, ine ndine holly. Nanga imwe ndimwe ciani?" Iye anabadwa pa 20 July, ndipo cithunzico cinati aliyense wobadwa pakati pa 8 July na 4 August ni wa mtengo umenewo, munthu wolimba mtima amene anabadwila utsogoleli. Pamwamba panali mau akuti iyi ni nzelu ya ma druid, ansembe a anthu akale a ku Ulaya ochedwa ma Celt, ndipo yakhalapo zaka masauzande. Titaceza pang'ono n'napeza kuti mtsikanayu wayamba kale kukaikila cibwenzi cake, ati cifukwa post ina inakamba kuti mtengo wa mnyamatayo sugwilizana na holly.

Siningamuseke kwambili, cifukwa na ine n'nagwamo. Zaka zingapo zapitazo n'nagula buku la nkhani imodzimodziyi kwa anyamata amene amayala mabuku pansi m'tauni. Cikuto cake cinali cokongola, ca mtengo wa mizu yolukanalukana na nthambi. N'nalimaliza m'masiku awili, ndipo n'natsala pang'ono kukakamba za m'bukulo pa wailesi monga mbili yeniyeni. Cimene cinaniimika ni cakuti m'buku lonselo munalibe pamene wolemba anachula kumene anatenga zimenezi. Paliponse anali kungoti "akale anali kukhulupilila," osachula kuti akale ati, a kuti, a caka citi. Akulu anakamba kale kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Lekani nikambe mosapita m'mbali. Kalenda ya mitengo imene mutumizilana pa mafoni si ya ma druid. Palibe mwala, mkuwa kapena cikopa cakale pamene inalembedwa. Inacokela m'mutu mwa wolemba ndakatulo wa ku England, Robert Graves, m'buku lake la The White Goddess limene linatuluka mu 1948. Caka cimeneco a Kenneth Kaunda anali kale na zaka 24. M'makomboni mwathu muli agogo amene ni aakulu kuposa "nzelu ya zaka masauzande" imeneyi.

Vuto loyamba kwa aliyense wofuna kuphunzila za ma druid m'mabuku ni lakuti iwo eni sanasiye buku. Julius Caesar, amene anamenya nkhondo ku Gaul, dela limene lomba ni France na maiko ena oyandikana nayo, kuyambila mu 58 mpaka mu 50 B.C., analemba kuti ma druid anali kukana kulemba ziphunzitso zao. Anali kuzisunga pamtima, ndipo ophunzila ena anali kutha zaka 20 akali pa maphunzilo. Conco zimene tidziwa za iwo zinalembedwa na anthu akunja, makamaka Agiriki na Aroma, ndipo Aromawo ndiwo anali kuwagonjetsa.

Pa nkhani ya mitengo, zolembedwa zakalezo n'zocepa. Pliny, Mroma amene anamwalila mu 79 A.D., analemba kuti ma druid a ku Gaul anali kulemekeza mtengo wa oak, umene Baibo yathu imaucha thundu, pamodzi na kamtengo ka mistletoe kamene kamamela pa nthambi za mitengo ina. Anati pa tsiku la 6 la mwezi, wansembe wovala zoyela anali kukwela mu oak na kudula mistletoe na cikwakwa ca golide, kenako anali kupeleka nsembe ya nkhunzi ziwili zoyela. Palibe wolemba wina wakale amene anachulanso mwambowu, koma zithunzi zambili za ma druid zimene muona masiku ano zinacokela pa ndime imeneyo. Tacitus nayenso analemba kuti ca m'ma 60 A.D. asilikali a Roma anaukila cisumbu ca Mona, cimene lomba ni Anglesey ku Wales, na kugwetsa nkhalango zopatulika za kumeneko. Apa tiona kuti mitengo inalidi yofunika pa kulambila kwao. Koma palibe pamene Caesar, Pliny kapena Tacitus anakamba kuti munthu wobadwa mu July ni holly.

Cocititsa manyazi kwa ogulitsa nkhani imeneyi n'cakuti kalenda yeniyeni ya ma Celt ilipo. Mu 1897 pa mudzi wa Coligny ku France anafukula zidutswa za cimbale ca mkuwa colembedwa m'citundu ca ku Gaul. Akatswili ataziphatikiza anapeza kalenda ya zaka zisanu, ya miyezi ya masiku 29 na 30, yokhala na maina monga Samonios na Giamonios. Miyezi yake siyendela mndandanda wa mitengo, ndipo si ya masiku 28 monga ya Graves. Umboni wooneka na maso uli mu myuziyamu ku Lyon, koma pa Facebook sumayenda, cifukwa suuza munthu kuti ni wapadela.

Nanga Graves anaitenga kuti mitengo yake? Anaitenga ku ogham, kalembedwe kakale ka ku Ireland. Ogham ni zilembo 20 zopangidwa na timizele tosema m'mphepete mwa mwala. Miyala yotelo ilipo pafupifupi 400, yambili ku Ireland ndipo ina ku Wales, Scotland na madela apafupi, ndipo yoculuka ni ya zaka za m'ma 400 na 500 A.D. Zolembedwapo si mapemphelo kapena maula. Pambili pali cabe dzina la munthu na la atate ake kapena fuko lake, monga pa manda kapena pa malile a munda.

Apa niyenela kukamba cilungamo. Kugwilizanitsa zilembozi na mitengo sanayambe ni Graves. Akatswili a ku Ireland a zaka mahandiledi angapo pambuyo pa miyala ija anali kucha zilembozo kuti feda, kutanthauza mitengo, ndipo m'mabuku monga Book of Ballymote la ca m'ma 1390 anayesa kupatsa cilembo ciliconse mtengo wake. Zina n'zoona ndithu: beith ni birch, fern ni alder, sail ni willow, dair ni oak, coll ni hazel. Koma Damian McManus, katswili wa citundu cakale ca ku Ireland amene analemba A Guide to Ogam mu 1991, anaonetsa kuti maina amene alidi a mitengo safika na theka. Gort ni munda. Ruis ni kufiila. Muin ni khosi, ndipo mpesa umene anaupatsa cilembo cimeneci si mtengo wa m'thengo la ku Ireland. Tinne, cilembo cimene kalenda ya pa foni imati ni holly, ni mpukutu wa citsulo. Msuweni wanga akafuna kutsatila tanthauzo la liu, iye ni citsulo ca kwa wosula.

Graves anatenga mndandanda umenewu, n'kusankhapo zilembo 13 mwa 15 zimene si mavawelo, ziwili n'kuziika pambali. Ciliconse anacipatsa masiku 28, ndipo 13 kuculukitsa na 28 ni 364. Tsiku limodzi lotsala, 23 December, linakhala kunja kwa miyezi imeneyi. Asanatulutse bukulo anafunsa R. A. S. Macalister, katswili wamkulu wa ogham pa nthawiyo, ndipo iye anamucenjeza kuti asadalile nkhani ya zilembo za mitengo. Graves anapitiliza. Sanabise kuti anali kulemba monga wandakatulo amene amadalila zimene mtima wamuuza. Amene anabwela pambuyo pake ndiwo anacotsapo dzina lake na kulembapo "ma druid." Mu 1988 kunatuluka makhadi oombezela a The Celtic Tree Oracle, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunabwela mabuku opatsa mtengo uliwonse khalidwe la munthu, monga mmene zilili na Leo na Virgo. Za m'mabuku amenewo ndizo zadulidwa tizidutswa na kufika pa foni ya msuweni wanga.

Nidziwa zimene ena a imwe mudzakamba. "Mwandi, ni zoseketsa cabe, zipweteka ndani?" Zikanakhala zoseketsa cabe, sembe palibe amene akaikila cibwenzi cifukwa ca izo. Komanso munthu amene wazolowela kumeza ciliconse colembedwa kuti "nzelu yakale" popanda kufunsa gwelo lake, ni yemweyo amene mawa adzameza mankhwala onama ocilitsa matenda onse, na uthenga wakuti tumizani K200 kuti mulandile K2,000. Cizolowezi cake n'cimodzi. Safunsa anadya phula.

Ena adzati, "Koma ku Britain na ku America kuli anthu amene amapemphela mwa njila imeneyi lelo, kodi uwanyoza?" Iyai. Munthu ali na ufulu wokhala pansi pa mtengo na kusinkhasinkha, ndipo ma druid amakono oona mtima amavomela kuti njila yao inakonzedwa m'zaka 300 zapitazi. Wolemba mbili Ronald Hutton anafotokoza bwino nkhaniyi m'buku lake la Blood and Mistletoe la mu 2009. Mmenemo muli na nkhani ya Iolo Morganwg, mmisili wa miyala wa ku Wales amene anacititsa msonkhano wa alakatuli pa Primrose Hill ku London mu 1792, ndipo anapeka zolemba zambili n'kumati n'zakale. Anthu anamukhulupilila kwa zaka zoposa 100 akatswili asanatulukile cinyengo cake. Ine nilibe mlandu na cinthu catsopano. Mlandu wanga uli pa kuveka cinthu catsopano imvi zonamizila kuti cigulidwe.

Palinso gulu lina, la anzanga amene akangomva liu lakuti druid amathamangila kukamba kuti n'zausatana, osatsegula na buku lomwe. Nawonso aphonya. Pafupifupi zonse zimene tidziwa za mitengo yopatulika ya ku Ireland zinasungidwa na Akhristu, amonke na akatswili a malamulo amene anali kukopela mabuku pamanja. Dzina la tauni ya Kildare, kumene kunali nyumba ya amonke ya Brigid woyela, litanthauza chalichi ca pa oak. Dzina la Derry linacokela ku liu lotanthauza nkhalango ya ma oak. Anthu amenewo sanaone kuti kulemekeza mtengo wa makolo n'kupandukila Mulungu.

Cimene cimaniwawa kwambili n'cakuti nkhani yoona ni yokoma kuposa yabodza, koma yabodza yaiphimba. Lamulo la ku Ireland la m'zaka za m'ma 700, lochedwa Bretha Comaithchesa, lokamba za kukhala bwino na anansi, linagawa mitengo na zitsamba 28 m'magulu anayi, gulu lililonse mitundu 7. Gulu lapamwamba anali kulicha mafumu a m'nkhalango: oak, hazel, holly, yew, ash, paini na apozi. Zifukwa zake zinali za pa umoyo wa tsiku na tsiku. Oak anali kupeleka matabwa na zipatso zonenepetsa nkhumba. Hazel anali kupeleka mtedza na nthyole zomangila. Ash anali wa mipini ya mikondo na mipando, holly wa mitengo ya magaleta, paini wa utomoni. Munthu akaononga umodzi wa mitengo imeneyi m'munda wa mnzake, faindi yake inali yolingana na ng'ombe za mkaka ziwili na theka, ndipo anali kulipilanso molingana na ciwonongeko, kaya wadula nthambi kapena wagwetsa mtengo wonse. Fergus Kelly anafotokoza zimenezi m'buku la Early Irish Farming. Ganizilani: holly wa msuweni wanga analidi mfumu, koma ufumu wake unali wakuti ukamudula ulipila ng'ombe.

Panalinso mitengo yochedwa bile, mitengo ikuluikulu imene inali cizindikilo ca fuko, ndipo ina inali pamalo olongela mafumu ufumu. Mabuku a mbili a ku Ireland amakamba kuti ca m'ma 981 mfumu Máel Sechnaill inaukila dela la Dál Cais na kugwetsa bile wa pa Magh Adhair, m'cigawo cimene lomba ni County Clare. Umenewo unali mtengo wa fuko la Brian Boru. Kuugwetsa kunali kunyoza mtundu wonse, monga kuthyola mpando wa mfumu pamaso pa anthu ake. Mtengo unali wa dziko, wa fuko na wa mlandu. Sunali wa munthu mmodzi wofuna kudziwa ngati ni wamanyazi kapena wokonda kuceza.

Ulemu umenewu sunafe. Mu 1999, pomanga mseu waukulu pa Latoon m'cigawo cimodzimodzi ca Clare, wokamba nthano Eddie Lenihan anacenjeza kuti kamtengo kaminga ka hawthorn kamene kanali pamalopo ni ka mizimu ya m'nthano za kumeneko ndipo sikayenela kudulidwa. Nkhaniyo inamveka m'manyuzipepala a maiko ambili, ndipo omanga mseu anakasiya n'kukachingila mpanda. Koma musafulumile kuwatamanda. Dziko limodzimodzilo, la malamulo okhwima a mitengo, linafika poti kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 nkhalango zinatsala pafupifupi 1 peresenti ya nthaka yake, pambuyo pa zaka zambili za kulima, kudula matabwa na ulamulilo wa atsamunda. Nthano zokha sizinapulumutse mitengo pamene lamulo la eni dziko linatha mphamvu. Ise amene timaona mathilaki a malasha akulowa m'tauni usiku uliwonse tingaphunzilepo zambili pamenepa kuposa pa kalenda ya Graves.

Ndipo ife a kuno tiyenela kukhala oyamba kuzindikila cinyengo ca mtundu umenewu, cifukwa tidziwa mmene cimawawila ngati nzelu ya pakamwa yalembedwa na mlendo. Victor Turner anakhala pakati pa a Ndembu ku Mwinilunga m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1967 anatulutsa The Forest of Symbols. Mmenemo anafotokoza mtengo wa mudyi, wa utomoni woyela monga mkaka, umene mtsikana amagonekedwa pansi pake pa cinamwali ca Nkang'a, ndipo umaimila bele la mai, umayi na mzele wa fuko wa kucikazi. Iye anakhalako, anaona, anafunsa eni ake, koma ngakhale n'telo zolemba zake n'za mlendo. Manje yelekezani kuti munthu wina ku California, amene sanapondepo pa Zambia, watenga bukulo n'kupanga "kalenda yakale ya mitengo ya a Ndembu": wobadwa mu March ni mukwa, wobadwa mu October ni msuku, ndipo mukwa sungakwatile msuku. Agulitsa makhadi, apanga ndalama, ndipo pakapita zaka 70 adzukulu athu ayamba kuikhulupilila cifukwa aiona pa intaneti. Kodi tingati n'zoseketsa cabe? Zimenezi ndizo zinacitikila anthu a ku Ireland na ku Wales, amene zitundu zao zikali kukambidwa mpaka lelo, ndipo akatswili ao akhala akudandaula za nkhaniyi kwa zaka zambili.

Sinikuletsani kuwelenga za ma Celt. Welengani, ndipo welengani kwambili. Koma buku likakuuzani kuti "ma Celt anali kukhulupilila," lifunseni kuti ati. A ku Gaul a m'nthawi ya Caesar na amonke a ku Ireland a m'ma 700 alekana zaka pafupifupi 800, na nyanja pakati. Lifunseni kumene lacotsa mau ake, ngati ni kwa Pliny, m'lamulo lakale, pa mwala wa ogham, kapena kwa wolemba wina wa dzulodzulo. Onani ngati wolembayo adziwa citundu ca anthu amene akuwakambila. Onaninso ngati pali pamene avomela kuti umboni wathela apa. Munthu amene adziwa zonse za ma druid, mpaka mtundu wa mkazi amene muyenela kukwatila, wadziwa zoculuka kuposa zimene zinatsala padziko, ndipo zapamwambazo wazipeka. Bukulo likakamba za miyezi 13 ya masiku 28, mwadziwa kale atate ake na caka cimene linabadwa.

Graves mwini wake mungamuwelenge monga wandakatulo, cifukwa pa nchito imeneyo anali katswili. Kungoti musamuike pa shelefu ya mbili.

Msuweni wanga n'namuyankha usiku womwewo. N'namuuza za 1948, za mpukutu wa citsulo na za faindi ya ng'ombe. Anakhala cete kwa kanthawi, kenako analemba kuti: "Ndiye kuti nimusiye kapena ayi?" N'nati zimenezo mitengo ya ku Ireland siingamuyankhe. Aone ngati mnyamatayo amasunga mau ake, ngati amabweza nkhongole, na mmene amakambila na amai ake. Kenako n'namufunsa dzina la mtengo umene uli pa geti ya nyumba imene akhala, umene amapita pansi pake m'mawa uliwonse popita kukakwela basi. Sanaudziwe. Ati adzafunsa ambuya.